Belu Langa Linasiya Kulira

Lachinayi, 6 Juni

Akuti ndizilemba. Mayi wina wa pachipatala pano, amene ntchito yake ndi kuyesa ngati mitu ya anthu ikugwira, wandipatsa kope ndi cholembera, ati zindithandiza kukumbukira. Ine amene ndadya fumbi la choko zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana aang'ono, lero kupatsidwa ntchito yolemba ndi mwana wobadwa dzana! Ndamutcha Amafunso.

Zimene andiuza, poti ine sindikumbuka kanthu, ndi izi. Lachisanu lapitali ndinakwera pa tebulo m'kalasi kuti ndipachike zojambula za ana. Mwendo wa tebulo unathyoka, ine n'kumenyetsa chipumi pa simenti. Magazi anaundana m'kati, kutsogolo kwa ubongo, ndipo anandichita opaleshoni tsiku lomwelo. Andimeta theka la mutu, theka linalo alisiya. Wometa wa kumsika akanachita zoterezi akanam'thamangitsa ndi miyala.

Mankhwala: fenitoyini woteteza kukomoka, m'mawa ndi madzulo. Parasetamolo. Jakisoni wopha tizilombo, wodzera pa kachubu ka pamkono.

Tebulo limenelo ndinalinena kwa ahedi kalekale.

Lachisanu, 7 Juni

Mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo misomali. Kuthamanga kwa magazi 150/90.

Sindikumva fungo lililonse. Mng'ono wanga, amene akundidikirira muno, wandinunkhiza sopo, lalanje, mpaka mankhwala okolopera. Palibe. Adokotala ati mitsempha ya fungo imadutsa pomwe ndinamenyetsapo, mwina idzatsitsimuka, mwina ayi. Amati tsoka silinunkha. Kwa ine tsopano ndi chimbudzi cha muwodi chomwe sichinunkha.

Pa bedi la kumanzere pali mayi wachikulire amene anachita sitiroko. Mbali imodzi inafa, mawu anapita. Chimene chinawatsalira ndi kung'ung'udza kanyimbo kamodzimodzi kuyambira kucha mpaka kuda. Ndawatcha Awailesi, ndipo ndikanadziwa pozimitsira bwenzi nditazimitsa kale. Akuwadikirira ndi mpongozi wawo, mtsikana wofatsa woyenda ngati akuopa kupweteka simenti. Pamwamba pa bedi lawo alembapo kuti azidya zamadzimadzi zokha, chifukwa kumeza kumawavuta.

Lamulungu, 9 Juni

Mwana wanga wamkazi wabwera ndi mwamuna wake ndi khanda lawo. Makanda salowa muwodi, ndiye anandikankha pa njinga ya odwala mpaka pakhonde. Mdzukulu wanga woyamba, wamwamuna, wanenepa mpaka khosi kusowa.

Ndilembe pano pangano lathu, pakuti ndaona maso a anthu ayamba kuzembazemba. Tchuthi cha uchembere cha mwana wanga chikutha mwezi uno, ndipo pa 1 Julayi akubwerera ku sitolo ya mankhwala kumene amagulitsa. Ine ndikupuma pa ntchito teremu ino. Mwanayo azikhala ndi ine masana onse. Chipinda ndinakonza kale, neti ndinapachika, beseni lomusambitsira ndinagula. Moyo wanga wonse ndapukuta mamina a ana a eni ake. Uyu ndi wanga.

Nditamuyang'ana bwinobwino ndinati, "Mphuno iyi ndi ya bambo ake. Tsoka lake." Kenako ndinauza mkamwini wanga kuti ine kuyambira pachiyambi ndinkafuna mnyamata wina uja, wamtali uja, kungoti mwana wanga anapupuluma. Ndinaseka. Ndinaseka ndekha. Mkamwini anangoyang'ana nsapato zake, mwana wanga n'kuyamba kukonza thewera losafunika kukonza.

Atapita, mng'ono wanga anati, "Achemwali, mwatani kodi? Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

Ndinati, "Nanga ndanama?"

Lolemba, 10 Juni

Achotsa kachubu ka pamkono. Jakisoni watha. Ndayenda ndekha mpaka kubafa.

Mayi wa bedi la kumanja anapita kukajambulidwa msana, n'kusiya mbale ya mpunga ndi nkhuku imene mwamuna wake anabweretsa. Ndinali ndi njala, nkhuku inali pomwepo, ndinadya. Atabwera analira ngati wafedwa. Mng'ono wanga anagwada pansi kupepesa, kenako n'kupita kukagula nkhuku ina kunja kwa geti.

Ndikudziwa kuti kutenga cha mwini ndi kuba. Theka la anthu a m'tauni ino anamva zimenezo pakamwa panga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Koma muwodi monse akundiyang'ana cham'mbali ngati ndapha munthu, ndipo mayi uja tsopano akugona ndi chikwama chake kumutu. Nkhuku yake inalinso yosapsa.

Lachitatu, 12 Juni

Amafunso anditengera m'kachipinda kawo kopanda zenera. Mutatola chikwama cha munthu pamsewu mungatani? Mutaona utsi ukutuluka m'nyumba ya mnzanu? Mwana atameza batani n'kulephera kupuma? Ndayankha zonse, ndipo za batani ndachita kuwaonetsa ndi manja mmene umamugwirira mwana chafufumimba n'kumumenya pamsana. Anati, "Mwakhoza zonse, aphunzitsi." Ndinati mafunso amenewa ine ndimafunsa ana osadziwa kumanga nsapato.

Kenako anatulutsa makhadi, milu inayi. Ukatenga khadi umapeza malikisi kapena kulandidwa. Milu iwiri imapatsa ambiri, koma ikati ilande imasesa zonse. Iwiri inayo imapatsa pang'onopang'ono, koma siilanda kwambiri. Ndinazizindikira msanga, ndipo ndinawauza kuti mulu uwu ndi uwu ndi yakuba. Amafunso anagwedeza mutu. Kenako dzanja langa linapitanso pa mulu wakuba womwewo. Linapitanso. Ndinamaliza ndilibe kalikonse.

"Mwanena nokha kuti ndi woipa. Nanga bwanji mukutengabe pomwepo?"

"Chifukwa ndafuna."

Analemba zambiri, mutu uli pansi. Ndinafuna kuwalanda cholemberacho n'kuwathyolera pamaso.

Lachinayi, 13 Juni

Achotsa ulusi. Bala lauma bwino.

Mng'ono wanga anabweretsa madiresi awiri kuti ndisankhe lovala. Labuluu silionetsa litsiro, koma limatentha. Lamaluwa ndi lopepuka, koma zipi yake imavuta. Ndinayamba m'mawa, chakudya cha masana chinandipeza ndikadali pakati pa madiresi awiri, ndili ndi gauni ya chipatala yotsegula kumbuyo. Mng'ono wanga atatopa anati, "Valani labuluu basi." Ndinam'genda ndi kapu.

Lachisanu, 14 Juni

Andijambulanso mutu. Masana adokotala anaitana mwana wanga ndi mng'ono wanga, n'kuonetsa chithunzi cha ubongo wanga pa kompyuta ngati akuonetsa anthu munda wogulitsa. Kuseri kwa chipumi, pamwamba pa maso, pali timadontho tiwiri takuda.

Anati magazi sakutulukanso, kutupa kwachepa. Kenako anati, "Mayi awa nzeru zawo zili bwino. Amakumbukira, amawerenga, chabwino ndi choipa akuchidziwa monga kale. Koma malo avulalawa ndi amene amamugwira munthu pamkono asanachite chinthu. Ndi amene amapangitsa kuti mtima ugunde ukaona choopsa, kapena uchite manyazi usanalankhule. Kudziwa kulipo, koma sikukufika kumanja pa nthawi yake. Ena amasintha pakapita miyezi, ena pang'ono chabe. Sindingalonjeze."

Mwana wanga anafunsa za khanda. Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Chosankha ndi chanu ngati banja. Koma mutandifunsa ine, pakadali pano musawasiye okha ndi mwana."

Ndinawafunsa ngati anasinthapo thewera chibadwire. Ndinawauza zina zimene sindilemba muno. Mwana wanga analira, ine ayi.

Munthu ameneyu sakundidziwa. Mphunzitsi wa ana aang'ono sagwira ntchito ndi maso, amagwira ndi makutu. Ana makumi asanu ndi limodzi akamasokosa, zonse zili bwino. Choopsa ndi pamene ngodya imodzi ya kalasi yangoti zii. Ine ndikamalemba pa bolodi, msana uli kwa ana, chete woteroyo ndinkamumva m'chifuwa ngati belu, ndipo choko chinkagwa chokha ndisanaganize n'komwe. Chaka china kamtsikana kena kanameza chitsekerero cha botolo kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Palibe anakuwa. Belu linalira, ndinalumpha mabenchi, ndipo lero ndi mayi wa ana atatu. Zaka zonsezi palibe mwana wa munthu anavulala m'manja mwanga. Lero timadontho tiwiri ta pa kompyuta tindilande mdzukulu?

Loweruka, 15 Juni

Ahedi abwera ndi nthochi ndi khadi la ana. Ndinawafunsa za tebulo. Anati tithokoze kuti moyo ulipo. Ndinati tebulo limenelo ndinalinena pamsonkhano wa aphunzitsi, ndinalinenanso mu ofesi yawo, iwo n'kundiyankha kuti ndiikepo njerwa. Ndinakweza mawu mpaka anamwino anabwera.

Mng'ono wanga anawaperekeza, ndipo ndinamumva pakhomo akuti, "Musawatengere, ahedi, ndi matendawa."

Apa ndiye pandipsetsa mtima koposa. Lero ndinakwiya pa chifukwa chenicheni, mkwiyo umene ndikanakwiya ngakhale mutu uli wathunthu. Koma tsopano chilichonse chotuluka pakamwa panga ndi matenda. Ahedi apita kwawo opepukidwa, ndipo tebulo lija ndikhulupirira aliikira njerwa.

Lolemba, 17 Juni

Kuthamanga kwa magazi 135/85. Ayeza magazi kuona ngati fenitoyini akukwanira m'thupi. Akukwanira.

Ndilemba zimene zachitika mmene zachitikira.

Itatha nthawi ya alendo a masana, mng'ono wanga anapita kukachapa. Mpongozi wa Awailesi anabwera pa bedi langa n'kuti, "Aphunzitsi, mundiyang'anireko amayi, ndikatenge madzi otentha." Ndinati pita, mwana wanga. Pa kabati yawo panali buledi amene mlendo wina anasiya, wosawerenga zolembedwa pamwamba pa bedi.

Ine ndinali ndikusenda lalanje. Ndinkafuna kuti khungu lake lichoke lonse limodzi, losaduka, monga ndinkachitira posangalatsa ana.

Ndinaona dzanja labwino la Awailesi likufika pa buledi. Ndinaona akunyema chibenthu chachikulu n'kuika m'kamwa. Ndinaganiza kuti, sayenera kudya zimenezo. Kanyimbo kaja kanapitirira pang'ono, kenako kanaleka. Kunangoti zii.

Ndinamumva chete ameneyo. Ndinamudziwa, pakuti ndi yemwe uja wa chitsekerero cha botolo. Ndinatembenuka n'kuona maso awo ali tong'o, milomo ikuda, dzanja likukanda bulangeti. M'mutu mwanga munabwera zonse mwadongosolo, ngati zolembedwa pa bolodi: atsamwa, adzutse, amenye pamsana, kuwa. Miyendo yanga ndi yabwino, pakamwa panga aliyense muno akudziwa kuti ndi pabwino. Koma lalanje linali litatsala pang'ono, ndipo ndinati ndimalize kaye.

Anamwino amene ankadutsa ndi ngolo ya mankhwala ndiwo anaona. Anakuwa, anzawo anathamanga, anabweretsa makina okoka za kukhosi, anatseka makatani. Patapita nthawi ndinamva Awailesi akutsokomola. Awasamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri chifukwa zina zalowa m'mapapo.

Mpongozi uja anabwera, fulasiki ili m'manja. "Aphunzitsi, munagona kodi?"

Ndisanatsegule pakamwa, mng'ono wanga, amene anali atangofika ndi zochapa, anati, "Anagona, mwanawe. Mankhwala awa amagonetsa." Anandiponda phazi.

Khungu la lalanje linachoka lonse, losaduka.

Lachiwiri, 18 Juni

Awailesi ali moyo. Ali pa mpweya ndi jakisoni.

Ndamuuza mng'ono wanga kuti sindinagone. Anakhala pa bedi, manja m'masaya. Kenako anati, "Zimenezi zithere pompano. Munagona. Mwana wanu akamva, mdzukulu simudzamugwiranso, ndipo inu popanda ana m'manja mudzafa ndi maganizo. Ine ndizibwera kudzakuonani ndikaweruka. Zidzapola izi."

Amandikonda mng'ono wangayu. Kunama kwake konse ndi kwa chikondi, ndipo kukundinyansa.

Lachitatu, 19 Juni

Muwodi muli chete. Bedi la kumanzere ayalapo nsalu zatsopano.

Tsiku lonse ndakhala ndikufufuza m'chifuwa mwanga monga munthu amafufuzira makiyi m'chikwama. Ndikudziwa kuti ndiyenera kumva chisoni. Ndikudziwa malo ake pamene chimakhala, pansi pa nthiti apa, pamene pankandipweteka ndikangomukalipira mwana mopitirira. Ndagwirapo. Palibe chilichonse. Ndikakumbukira milomo ya Awailesi ikuda, zili ngati ndikukumbukira mtundu wa khoma.

Chimene chilipo ndi mkwiyo. Umenewo ndiye wadzaza mpaka m'makutu.

Lachinayi, 20 Juni

Mwana wanga wabwera yekha ndi khanda. Tinakhala pa benchi ya pakhonde, mng'ono wanga ataima chapafupi ngati mlonda. Maso a mwana wanga anali otupa.

Anati, "Amayi, ndaganiza. Adokotala anena zawo, koma iwo akudziwani masabata atatu, ine ndakudziwani moyo wanga wonse. Zolankhula zija ndi za nkhuku zija ndi zazing'ono. Pa mwana simungalakwitse, inu ayi. Bambo ake akukana, koma ndawauza kuti amayi anga analera tauni yonse. Pa 1 ndidzakusiyirani mwana monga tinapanganira."

Anandiika mdzukulu pamiyendo. Anali wofunda, wolemera, akuyamwa chibakera chake. Ndinapambana. Chimene ndakhala ndikumenyera chija chinali pamiyendo panga, ndipo mng'ono wanga ankamwetulira.

Ndinamuyang'ana mwanayo, ndipo ndinachita zimene ndachita zaka zonse ndi cholembera chofiira. Funso: munthu amene anamva mnzake akutsamwa n'kupitiriza kusenda lalanje, mungamusiyire khanda? Yankho lake ngakhale ana anga a m'kalasi angalikhoze.

Ndinati, "Tenga mwana wako. Lolemba sindinagone."

"Achemwali!"

"Iwe khala chete." Ndinamuuza mwana wanga zonse, buledi, milomo, lalanje. Ndinanena mosalira, mosanjenjemera, ngati ndikuwerenga mayina m'kalasi, ndipo ndikuganiza kuti mawu angawo ndi amene anamuopsa kuposa nkhaniyo. Ndinati, "Uyu akadzatsamwa ndidzadziwa chochita, ndipo mwina ndidzachita, mwina ndidzayamba ndamaliza kupesa tsitsi. Sindikudziwa. Iwenso sukudziwa. Usandisiyire."

Mwana wanga anangolowetsa manja pansi pa mwanayo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa mphika pamoto, n'kumutenga.

Atapita, ife titabwerera muwodi, mng'ono wanga anandikalipira koyamba chibadwire. "Mukuyesa mwachita zanzeru? Pakamwa panu panachoka chitseko basi! Mwangolankhula monga munalankhulira za mphuno ya mkamwini!"

Ndinam'genda ndi pilo. Koma mawu akewo andikhala.

Lachisanu, 21 Juni

Ndawauza Amafunso zonse. Sanalembe msanga ngati masiku ena. Anati adzauza adokotala ndi anamwino, ndipo mpongozi uja ayenera kumva zoona. Ndinati ndimuuza ndekha, ndipo ndamuuza. Mpongoziyo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," kenako anapita. Ndinapepesa ndi mawu oyenera onse. Ndimawadziwa, ndinkawaphunzitsa.

Ndinawafunsa Amafunso funso langa, kuti nawonso alawe. "Dzulo lija, pouza mwana wanga, ndinasankha ndine, kapena ndi pakamwa popanda chitseko pomwe paja?"

Anaganiza. Anati, "Sindikudziwa, aphunzitsi. Makhadi anga sangayeze zimenezo."

Ndiye ndi zimenezotu. Chinthu chimodzi cholondola chimene ndachita chilowereni muno, chimene chandilanda zonse, ndipo palibe angandiuze ngati ndachita ndine.

Lolemba, 24 Juni

Anditulutsa. Fenitoyini ndipitirize mpaka adzandionenso. Kwa Amafunso ndizibwera Lachitatu lililonse, ati pali njira zophunzitsira munthu kuima kaye asanachite chinthu, ndi zikwangwani zomata pakhoma. Ine wa zikwangwani za pakhoma, lero andimatire zanga. Ndisaphike ndekha, poti ngakhale nyumba itapsa sindingamve fungo la utsi. Ndikakhala kwa mng'ono wanga. Awailesi achoka pa mpweya, ndipo podutsa pakhomo la chipinda chawo ndinamva kanyimbo kaja, kofooka.

Mwana wanga wapeza mayi wina wa pafupi ndi kwawo woti azimusungira mwana. Wati Loweruka lililonse azibwera naye kwa ine, iye ali pomwepo. Wapempha neti ndi beseni lija. Ndamuuza kuti akatenge.

Anabwera kudzanditenga ndi mkamwini, amene ananyamula chikwama changa osandiyang'ana kumaso. Tinakhala pa benchi ya pakhonde kudikira mankhwala. Mdzukulu anali kumbuyo kwa mayi ake, akulira molimba monga amuna a mphuno imeneyo amachitira, ndipo mwana wanga ankandifotokozera za basi imene azikwera popita kuntchito. Kenako kulira kuja kunangoduka. Zii.

Mwana wanga anasiya mawu pakati. Ndinaona nkhope yake ikusintha, dzanja lili kale pa mfundo ya nsalu, mwana ali kale kutsogolo, khutu lili kale pa kamphuno kaja. Sanaganize n'komwe. Mwanayo anali atangogona. Anapumira m'mwamba n'kuseka, "Iii, kamunthu aka kadzandipha ndi mtima."

Belu lija ndinaliona likulira, m'chifuwa mwa mwana amene ndinabereka ine.

Chete ameneyo ndinayamba kumumva ndine, iye asanamumve. Makutu anga ndi abwinobwino. Ndinamumva, ndinamudziwa, ndipo ndinapitiriza kuchotsa kaulusi kamene kanali pa diresi langa labuluu.

Wina andiuze woti ndimukwiyire. Tebulo?